Nkhono ya zigoba ziwiri ya mu Likangala: ndi nyama yanji, ndipo ikusoweranji?

Funso: Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kumunsi kwa mtsinje wa Likangala, mbali ya ku Chilwa. Mwezi wa Okutobala ana a m'kalasi mwanga, pokumba dongo pa dziwe lina louma, anafukula chinthu chonga nkhono koma cha zigoba ziwiri zotsekana, chakuda kunja, chachikulu ngati chikhatho cha mwana. Tinachiika m'ndowa ya madzi, ndipo kutacha tinapeza chitayasama pang'ono n'kutulutsa kanthu konga lilime. Agogo anga ankasalazira mbiya ndi zigoba zotere, ndipo ankati kale zinali mbwee mumtsinjewu. Kodi chinthuchi n'chiyani, chimakhala bwanji ndi moyo m'dothi louma, chimafalitsa likodzo, chimadyedwa, ndipo n'chifukwa chiyani masiku ano chikusowa?

Yankho: Zikomo kwambiri Aphunzitsi chifukwa cha funso lanu, komanso chifukwa chakuti chinthucho simunachiswe ndi mwala monga amachitira ambiri, koma munachipatsa madzi n'kudikira. Chimene ana anu anafukula ndi nkhono ya zigoba ziwiri ya m'madzi opanda mchere, m'bale wapatali wa nkhono ya chigoba chopotana imene timaiona m'munda mvula ikagwa. Malinga ndi kukula kumene mwatchula, kuda kwa chigoba chake ndiponso malo amene inapezeka, ndikuona kuti ndi ya m'gulu limene akatswiri amalitcha Chambardia, ndipo imodzi mwa nkhono zofala kwambiri za gululi kuno kummwera kwa Africa ndi Chambardia wahlbergi. Pa mayina awiriwa, loyambalo lili ngati mfunda, pamene lachiwirilo ndilo dzina lakelake. M'mabuku akale mudzaipeza italembedwa kuti Aspatharia wahlbergi kapena Spathopsis wahlbergi, koma nyama yake ndi imodzimodziyo.

Mukhoza kutsimikiza nokha popanda kupha nkhono ina iliyonse. Tolani chigoba chopanda kanthu m'mphepete mwa dziwelo, ndipo muyendetse chala pamene zigoba ziwirizo zimalumikizirana. Mukapeza posalala, popanda timano tolowerana, m'kati mwa chigobacho muli monyezimira mofiirira pang'ono, ndiye kuti mwagwira Chambardia, imene ikakhwima imafika masentimita 12 m'litali kapena kupitirira. Mukapeza timano, chigobacho n'kukhala chaching'ono ngati chala chachikulu, imeneyo ndi Coelatura, ya banja lina. Iliponso ina yotchedwa Mutela, yaitali ndi yopyapyala, ya chigoba chosachedwa kusweka, komanso Etheria elliptica, imene siikwiririka m'matope n'komwe koma imadzimata pa miyala ya m'mathithi a mitsinje ikuluikulu, chigoba chake n'kumakula mokhotakhota motsata mwalawo.

Nyama imeneyi ilibe mutu, ilibe maso, ilibe mano. Kanthu konga lilime kamene munakaona ndi phazi lake, mnofu umodzi umene imaulowetsa m'matope, n'kuutupitsa kunsonga kuti ugwire, kenako n'kudzikoka. Ndi mmene imayendera ndi kudzikwirira, ndipo m'madzi osaya mukhoza kuona kanjira kamene yasiya pa matope. Zigoba ziwirizo zimagwiridwa ndi minofu iwiri yamphamvu, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo polumikizira pali kachingwe kolimba kamene nthawi zonse kamafuna kuzitsekula. N'chifukwa chake nkhono yamoyo imakana kutsekulidwa, pamene yakufa imangoti yasa. Kumbuyo kwake, kumene kumatsala pamwamba pa matope, kuli timabowo tiwiri: kena kolowetsa madzi, kena kotulutsa. Madziwo amadutsa pa ziwalo zopumira, zonga zimene nsomba ili nazo m'mbali mwa mutu, ndipo ziwalo zomwezo zimagwira ntchito ya sefa, kukola ndere zosaoneka ndi maso, mabakiteriya ndi tizidutswa ta zomera zowola. Chimenecho ndicho chakudya chake. Nkhono yaikulu imodzi imatha kusefa malita makumi angapo a madzi pa tsiku, choncho dziwe limene muli nkhono mazana limakhala ndi antchito oyeretsa madzi usana ndi usiku.

Tsopano za dothi louma lija. Madzi akayamba kuphwa m'chilimwe, Chambardia imalowa pansi m'matope akadali ofewa, n'kutseka zigoba zake zochindikala mothina kwambiri kotero kuti timadzi tochepa timatsekeredwa m'kati. Thupi lake limachepetsa ntchito zonse: siidya, imapuma pang'ono kwambiri, ndipo imakhala choncho mpaka mvula itabwera. Zinalembedwa kale ndi akatswiri kuti nkhono ya gulu limeneli inakhala ndi moyo pafupifupi chaka chathunthu kunja kwa madzi. Si nkhono zonse za zigoba ziwiri zimene zili ndi luso limeneli. Mutela, imene zigoba zake sizitsekana bwino kunsonga, imauma msanga. M'dera ngati lathu, kumene nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, mu 1995 komanso mu 2018, ndipo mitsinje yothira m'nyanjayi imaduka n'kusanduka maiwe chaka ndi chaka, luso lodikira mvula pansi pa dongo ndilo limasiyanitsa mtundu wotsala ndi mtundu wotha. Pali chinthu china chimene chimaikakamiza kudalira mitsinje. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, motero madzi akamachepa mchere umachuluka, ndipo nkhono za banja limeneli zimafuna madzi opanda mchere. Maiwe a mu Likangala, Domasi, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe, amene matemba, makumba ndi milamba zimathawirako nyanja ikaphwa, ndi malo omwewo amene nkhonozi zimapulumukirako.

Apa ndipo ndikufuna kuti tikhalitse, chifukwa yankho la funso lanu lomaliza lagona pa kaberekedwe kake. Ganizirani nyama imene pa moyo wake wonse imayenda mamita ochepa chabe, ndipo ikukhala m'madzi amene nthawi zonse amatsikira kumunsi. Ikanakhala kuti imangotaya mazira ake m'madzi, mbadwo uliwonse ukanakokoloka kutsika pang'ono, ndipo pakutha pa zaka mazana angapo kumtunda kwa mtsinje sikukanatsala nkhono ngakhale imodzi. Njira imene nkhonozi zimagwiritsa ntchito ndiyo kukwera nsomba. Yaimuna imatulutsa umuna m'madzi, ndipo yaikazi imene ili pafupi imaukoka pamodzi ndi madzi opumira. Mazira amakumana ndi umunawo m'kati mwa ziwalo zopumira za yaikaziyo, mmene amasungidwa ngati m'thumba mpaka ataswa tiana tosafika theka la milimita, tochuluka masauzande ambirimbiri. Tiana timeneti sitingakule patokha. Tikatuluka mwa yaikaziyo n'kulowa m'madzi tiyenera kukakamira pa zipsepse, pa khungu kapena pa ziwalo zopumira za nsomba m'masiku ochepa, apo ayi timafa, ndipo tambiri timafadi. Kamene kapeza nsomba yoyenera kamakhala pamenepo milungu ingapo, kakudya kuchokera m'thupi la nsombayo ndi kusintha maonekedwe, mpaka katasanduka kankhono kenikeni ka zigoba ziwiri, kenako kamagwa pansi paliponse pamene nsombayo yafika. Kawirikawiri nsomba siivulala kwenikweni ndi alendo amenewa.

Tiana timeneti sitifanana m'mabanja onse. M'banja la Unionidae, mmene muli Coelatura, kamwanako kamatchedwa glochidium, ndipo kali ndi tizigoba tiwiri timene timatseka ngati msampha tikangokhudza nsomba. M'banja la Iridinidae, mmene muli Chambardia ndi Mutela, kamwanako n'kosiyana kotheratu: kali ndi kachigoba kamodzi kofewa ndiponso ulusi wautali umene umathandiza kukola nsomba yodutsa, ndipo dzina lake lofala ndi lasidium. Munthu amene anafotokoza mwatsatanetsatane moyo wa tiana ta banja limeneli kuno ku Africa ndi katswiri wa ku England, Geoffrey Fryer, amene m'zaka za m'ma 1950 anagwirapo ntchito yofufuza za nsomba ku Nkhata Bay asanasamukire ku Jinja m'dziko la Uganda. Kumeneko, pamene mtsinje wa Nile umatulukira m'nyanja ya Victoria, anapeza tinthu tachilendo titalendewera pa nsomba ina ya m'banja la ngumbo ndi matemba, ndipo mu 1961 anasindikiza zimene anapeza: tinali tiana ta Mutela bourguignati, timene timalowetsa timapaipi tiwiri m'thupi la nsomba n'kumayamwa chakudya mpaka titakula mokwanira kudziimira. Ine ndimaona kuti mwa zinthu zonse zimene zapezeka zokhudza nyama za m'madzi athu, chimenechi n'chimodzi mwa zoyenera kuphunzitsidwa kwa mwana aliyense wa m'mbali mwa nyanja, chifukwa chimaonetsa kuti amene wasesa nsomba mumtsinje wasesanso zamoyo zina zimene sanazigwire n'komwe.

Kukwera nsomba kumeneku ndi kumene kumafotokoza kufalikira kwa nkhonoyi. Chambardia wahlbergi imapezeka kuyambira mu Nile, kutsika kum'mawa kwa Africa, mpaka mu Zambezi, Okavango, Kunene, Limpopo ndi mitsinje ya kumpoto kwa KwaZulu-Natal, ndipo nkhono zofanana nayo kwambiri zilipo m'dera la nyanja ya Chad ndi kumadzulo kwa Africa, ngakhale kuti akatswiri amatsutsana ngati zonsezi zili mtundu umodzi kapena mitundu ingapo yapachibale. Anailemba koyamba m'mabuku a sayansi ndi Ferdinand Krauss wa ku Germany mu 1848, ndipo anaitcha dzina la Johan August Wahlberg, munthu wa ku Sweden amene ankatolera zamoyo kummwera kwa Africa ndipo anaphedwa ndi njovu mu 1856. Mnzake wina wa mfunda womwewu, Chambardia petersi, wochepa m'mimba pomuyerekeza ndi wahlbergi, amapezekanso m'dera la Zambezi. Nkhono za m'nyanja ya Malawi zinalowa m'mabuku pambuyo pake, kudzera mwa John Kirk, dokotala amene ankayenda ndi David Livingstone, ndipo awiriwa anafikanso pa nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859. Zigoba zimene Kirk anatola zinakafika kwa Isaac Lea wa ku Philadelphia, amene mu 1864 analemba mitundu 6 yatsopano ya m'nyanja ya Malawi. Ina mwa iyo, monga Nyassunio nyassaensis ndi Mutela alata, kwawo ndi m'nyanjayi ndi madzi olumikizana nayo basi.

Boma lathu la Zomba lili pamalo ochititsa chidwi pa nkhani imeneyi, chifukwa madzi ake amagawikana pawiri. A kumadzulo kwa phiri, mbali ya ku Chingale, amatsikira mu Shire, amene amachokera m'nyanja ya Malawi n'kukathira mu Zambezi. A kum'mawa amathera mu Chilwa, ndipo lero palibe njira ya madzi yolumikiza mbali ziwirizi. Nanga nkhono za mu Likangala zinafika bwanji? Zaka masauzande zapitazo Chilwa inali nyanja yaikulu kuposa lero, yolumikizana ndi Chiuta, ndipo madzi ake ankatuluka kudzera mu Lugenda ndi Ruvuma kupita ku nyanja yamchere ya India, mpaka pamene mtunda wamchenga umene uli kumpoto kwa nyanjayi unadzadula njirayo. Nsomba zinkayenda m'njira imeneyo, ndipo kumene nsomba ikudutsa nkhono nayo imadutsa. Pamwamba pa phiri la Zomba, mu Mulunguzi, musayembekezere kuzipeza, chifukwa madzi ake ndi othamanga, pansi pake ndi pamiyala, ndipo mathithi amatsekereza nsomba za kuchigwa. Kumene nsomba zili ndi njira, nkhonozi zimafalikira mofulumira modabwitsa. Damu la Kariba litamangidwa pa Zambezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, nyanja yatsopanoyo inamiza nkhalango ndi minda mmene munalibe nkhono za m'madzi, koma pofika m'zaka za m'ma 1980 ofufuza anapeza kuti pa kulemera kwa tinyama tonse ta pansi pa nyanjayo, magawo opitirira 90 pa 100 aliwonse anali nkhono za zigoba ziwiri, ndipo Chambardia wahlbergi inali m'gulumo.

Mbiri ya banja la Iridinidae lija ndi yakale kuposa pamenepa. Achibale apafupi a Iridinidae ali ku South America, m'banja lotchedwa Mycetopodidae, ndipo tiana tawo ndi ta mtundu wa lasidium womwewu. Nkhono ya m'madzi opanda mchere singawoloke nyanja ya Atlantic, choncho chibale chimenechi chimalozera ku nthawi imene Africa ndi South America zinali mtunda umodzi, zisanapatukane zaka pafupifupi 100 miliyoni zapitazo.

Pa za likodzo, mtima wanu ukhale m'malo: nkhono ya zigoba ziwiri siifalitsa likodzo. Tizilombo ta likodzo timakulira m'nkhono zing'onozing'ono za chigoba chimodzi chopotana, zotchedwa Bulinus zimene zimasunga likodzo la m'chikhodzodzo, ndi Biomphalaria zimene zimasunga la m'matumbo. Komabe nkhono zimenezo zimakonda maiwe omwewo odikha, ndipo dera la Chilwa limadziwika ndi nthendayi, choncho chiopsezo kwa ana chili m'madzi amene angalowemo pofunafuna zigoba. Mwana amene akukodza magazi apite kuchipatala, kumene mankhwala a praziquantel amachiza nthendayi.

Kudyedwa imadyedwa, ndipo m'madera ena a Africa anthu amaiphika ngati ndiwo, pamene katumbu, ng'azi ndi mbalame ina yakuda ya miyendo itali, ya mlomo wosatsekeka pakati, zimaidya yaiwisi. Koma ine sindingakulangizeni kudya nkhono ya kumunsi kwa Likangala. Nyama imene ntchito yake ndi kusefa madzi imasunga m'thupi mwake zimene madziwo anyamula, ndipo mtsinjewu usanafike kwanuko umakhala utadutsa mumzinda wa Zomba ndi m'minda yambiri. Kuphika mpaka kupsa kumapha mabakiteriya monga a kolera, nthenda imene yavutitsa kangapo anthu a m'mbali mwa Chilwa, koma moto suchotsa mankhwala a m'munda kapena zitsulo zapoizoni zimene zalowa mu mnofu.

Tifike tsono pa mawu a agogo anu akuti kale zinali mbwee. Ndikuwakhulupirira, chifukwa zimene zikuchitika m'mitsinje yathu ndi zomwe zatha nkhono zoterezi kwina. Padziko lonse pali mitundu ya pakati pa 900 ndi 1,000 ya nkhono za zigoba ziwiri zimene tiana take timakwera nsomba, ndipo Africa ili ndi yopitirira pang'ono 80. Ku North America, kumene kuli mitundu pafupifupi 300 ndipo anthu aziwerenga kwa nthawi yaitali, yoposa theka ili pa chiopsezo ndipo ina inatheratu. Kuno kwathu choyamba ndi dothi lokokoloka. Mitengo ikatha m'mapiri ndipo anthu akalima mpaka m'gombe la mtsinje, mvula iliyonse imatsitsa matope amene amakwirira tinkhono tating'ono tongogwa kumene pa nsomba, timene sitingathe kudzifukula. Madzi osefukira ngati a namondwe Freddy mu Malichi 2023 amachita m'masiku ochepa zimene zikanatenga zaka. Chachiwiri ndi kukumba mchenga ndi dongo mumtsinje m'chilimwe, nthawi yomweyo imene nkhono zili gone pansi ndipo sizingathawe. Yofukulidwa n'kutayidwa padzuwa la Okutobala siikhalitsa. Chachitatu, chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonse, ndi kutha kwa nsomba m'maiwe: kukokola ndi masikito a udzudzu, kuthira katupe, ndi kutchinga mtsinje wonse ndi mono nthawi imene nsomba zikukwera kukaswana.

Vuto lachitatuli limabisala, ndipo limabisala chifukwa cha kulimba kwa nkhono yomweyo. Nkhono zoterezi zimakhala zaka zambiri. Ku Ulaya mtundu wina wotchedwa Margaritifera margaritifera umapitirira zaka 100, ndipo ngakhale zathu za kumalo otentha zimakula msanga n'kufa msanga kuposa pamenepo, zimakhalabe zaka zingapo. Motero dziwe limene nsomba zinatha likhoza kukhalabe ndi nkhono zikuluzikulu zathanzi, zotulutsa tiana chaka ndi chaka, koma popanda kamodzi kopulumuka. Munthu woona ndi maso amati nkhono zilipo, pamene kwenikweni ndi mudzi wa nkhalamba zokhazokha, ndipo tsiku limene yomaliza idzafe palibe amene adzalumikize imfayo ndi masikito a zaka zapitazo. N'chifukwa chake lamulo lotseka nyanja m'nyengo yoswana nsomba, ndiponso malamulo a mafumu ndi makomiti a asodzi oteteza maiwe a m'mitsinje nyanja ikaphwa, ndimawaona kuti amateteza zambiri kuposa matemba okha.

Pamenepa kalasi yanu ikhoza kugwira ntchito yeniyeni ya sayansi, ndipo siifuna ndalama. M'chilimwe, ana atole zigoba zopanda kanthu zokha, poyenda pouma osalowa m'madzi, ndipo chilichonse achiyeze ndi rula n'kulemba m'kope kutalika kwake, tsiku ndi malo. Kunja kwa chigoba kuli mizere yozungulira yosonyeza pamene nkhono inaima kukula, makamaka m'nyengo za chilala, ndipo ana angathe kuyerekeza ya mizere yambiri ndi ya mizere yochepa. Chofunika kwambiri kuchiyang'ana ndi chakuti kodi pali zigoba zing'onozing'ono, za masentimita 3 kapena 4, za mtundu womwewo wopanda timano. Zikapezeka, ndiye kuti nkhono zikuberekanabe pa dziwelo. Zikakhala zikuluzikulu zokhazokha kwa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, muwadziwitse alangizi a za usodzi a m'dera lanu. Zigoba zingapo zosasweka, zokhala ndi kapepala ka malo ndi tsiku, mukhoza kupita nazo ku nthambi ya sayansi ya zamoyo ku Yunivesite ya Malawi konkuno ku Zomba kuti akazione ndi maso, popeza dzina lotsimikizika limaperekedwa munthu atagwira chigobacho m'manja.

Nkhono ili m'ndowayo isakhalitsemo, chifukwa m'madzi a pa mjigo mulibe chakudya chake, ndipo popeza mwaidzutsa yayambanso kugwiritsa ntchito mphamvu zimene inasungira chilimwe. Ibwezereni ku mtsinje womwewo, pa dziwe limene siliphwa ndipo muli nsomba, ndipo musaikhomere m'matope ndi dzanja. Igonekeni cham'mbali pa matope ofewa m'madzi ofika m'mawondo, pamthunzi ngati pali mtengo, ndipo idzadzikwirira yokha ndi phazi lija.